Amalume Anadulira Galimoto ya Aforomani

Aforomani a ku galaja ya esiteti anaimika galimoto yawo pansi pa mtengo wa mapeyala kuseri kwa nyumba yathu Lachinayi masana. Anatuluka, n'kundiponyera kiyi ngati akuponyera galu fupa.

"Wailesi yatsopano ili pa mpando wa kumbuyo. Uchotse ya Chijapaniyo, uike imeneyo. Lolemba m'mawa galimoto ndiipeze pa geti la galaja. Koma tamvera, iwe wolongolola iwe. Usadule waya ngakhale mmodzi. Ukadula, ubwerere ku dengu lako."

Dengu limenelo ndi limene ndinkathawa. Ndinali nditathyola tiyi mvula ziwiri, dengu kumsana kuyambira mbandakucha, ndipo msana wanga unali utayamba kupindika moti ndikamasamba ndinkaona zidendene zanga osatembenuka. Chabwino, sunafike pamenepo, koma unkapweteka. Ndisanayambe zothyolazo ndinakhalapo chaka ku Limbe kwa bambo wina wokonza za magetsi a galimoto, ndiye ntchito ndinkaidziwa. Ku galaja kunkafunika munthu mmodzi wa magetsi. Ofuna tinalipo atatu, ndipo aforomani anati aliyense amuyesa ndi ntchito yakeyake. Yanga inali wailesiyi.

Inali nthawi imene magalimoto akale a ku Japan anayamba kuchuluka kwathu kuno. Magalimoto abwino, koma wailesi zake zopusa. Manambala ake amathera pa nainte, pomwe masiteshoni athu ambiri ali kumtunda kwa pamenepo. Ya aforomani inkagwira siteshoni imodzi ndi theka. Mpira ankakamvera kwa alonda a pa geti, munthu wa galimoto yakeyake.

Tsono ndikuuzeni vuto lake, mumvetse chimene ndikukwiyira mpaka lero. Kuseri kwa wailesi kuli pulagi imene galimoto inabadwa nayo. Mawaya onse, a moto, a masipika, amathera mu pulagi imeneyo. Wailesi yatsopano imabwera ndi kamwa lake lina, sizilowana. Amakaniko a pansi pa mtengo amangodula pulagiyo, kupota mawaya, kumanga tepi, basi. Mwezi umodzi sipika imodzi yafa, mwezi wachiwiri galimoto ikununkha ngati mukuwotcha matayala. Munthu wodziwa ntchito amagula hanesi, kamtolo ka mawaya kokhala ndi pulagi mbali zonse ziwiri. Mbali ina imalowa ku galimoto, ina ku wailesi. Kungoti khethe uku, khethe uku, watha. Koma mahanesi alipo mitundumitundu, ndipo ukalakwitsa kusankha wapita ku Limbe kukadya mpweya.

Ndinamasula batire, ndinatulutsa wailesi yakale bwinobwino, pulagi ija ili lende m'dzenjemo. Kuitenga sindikanatha, poti ndi yolumikizika ku galimoto. Ndiye ndinaganiza nzeru imene mpaka pano ndimadzigomera nayo. Ndinalowa m'nyumba, ndinatenga sopo wa amayi wochapira, wamtanda uja, ndinadula chidutswa, ndinachinyowetsa kuti chifewe, n'kudinda pulagi ija pamenepo. Chinatuluka chilichonse: mabowo khumi ndi anayi, mizere iwiri, ndi kamphako kakang'ono ka m'mbali kamene kamaletsa kuti usalowetse chozondoka.

"Sopo wangayo!" anakuwa amayi.

"Ndikubwezerani bokosi lathunthu ndikayamba ntchito, amayi."

"Bokosi lako ndikulidziwa. Ndi lija la shuga unandilonjeza chaka chatha."

Amalume anali chiimire pambali, manja kumbuyo, akuonerera. Awa ndi achimwene awo a amayi, eni mbumba yathu, mkulu wa mpingo, munthu amene sanatukwanepo ngakhale nkhuku. Ntchito yawo inali yodulira tiyi, ndipo anali ataigwira kuyambira ine ndisanabadwe. Mpeni wawo wokhota uja ankaunola kuposa mmene ena amasamalira akazi awo.

"Iwe," anatero, "sipeya amagula ndi sampulo. Sopo ndi wochapira."

"Sampulo ndi imeneyi, amalume. Yadindika yonse."

"Ine nditapita kukagula habu ya njinga ndinanyamula habu. Sindinanyamule chithunzi cha habu."

Ndinawafotokozera. Ndikulumbira, ndinawafotokozera katatu, pang'onopang'ono, ngati phunziro la ana la Sabata. Ndinati pulagi imeneyi siichoka, ndiye mayeso ake enieniwo. Iwo anagwedeza mutu. Mukukudziwa kugwedeza mutu kwa akuluakulu kuja, koti mawu ako alowa khutu ili, apeza kuti mkatimo muli kale maganizo ena, n'kubwerera panja.

Lachisanu ndinadzuka kukuzizira, chiperoni chitaphimba minda yonse. Ndinakhoma galimoto. Kiyi ndinaopa kuyenda naye, poti m'minibasi za ku Limbe angathe kukuvula kabudula wamkati buluku lili m'thupi. Ndinamupereka kwa amayi.

"Musapatse munthu aliyense. Ngakhale abusa."

"Ndamva. Pita, ubwere dzuwa lisanalowe."

Minibasi ya pa Boma inatenga anthu ngati makumi asanu, mbuzi, ndi mayi wina amene anandikhazika mkoko wa nthochi pamiyendo osandipatsa ndi moni yemwe. Ine sopo wanga ndili naye m'thumba la shati, nditamukulunga mu pepala, dzanja lili pachifuwa njira yonse ngati ndikuimba nyimbo ya fuko.

Ku Limbe ndinapita mu kanjira kaja ka ogulitsa masipeya, kumene mashopu ake ndi makontena. Kunyumba ndinali nditauza aliyense kuti ndikupita kumeneko, poti pakamwa panga sipasunga kanthu. Ndinazungulira mashopu anayi, osapeza. Mu yachisanu munali mkulu wina wa chipewa cha ubweya, mahanesi ali bii pakhoma ngati nsomba zoyanika. Ndinatulutsa sopo uja, ndinamuika pa kauntala.

Anamuyang'ana. Anandiyang'ana ine.

"Amwene, mukufuna ndikusambitseni?"

"Ndikufuna hanesi yolowa pa pulagi iyi, bigi."

Anaitana mnzake wa shopu ya pafupi. "Tabwera udzaone, a ku Thyolo abweretsa galimoto ya sopo." Anaseka mpaka chipewa chinagwa. Kenako anatsitsa hanesi imodzi n'kuiponya patsogolo panga. "Tengani iyi. Imalowa paliponse."

Ndinaitembenuza. Mbali ya ku galimoto inalibe pulagi, mawaya ali yangayanga ngati ndevu za chimanga.

"Iyi ndi yoti ndikadule, bigi."

"Ndiye vuto lili pati? Aliyense amadula."

"Ine sindidula."

"Eee, afika a injiniya."

Anatsitsa yachiwiri. Imeneyi inandinyenga, ndisaname. Mabowo khumi ndi anayi, mizere iwiri, mtundu womwewo woyera. Ndinatsala pang'ono kuitenga. Koma nditaiyandikiza pa sopo ndinaona kuti kamphako kake kali pakati, pomwe kanga kali m'mbali.

"Kameneko mungopala ndi lumo," anatero mkulu uja.

"Ndikapala, mawaya ake akhala m'malo mwake? Waya wa moto akakalowa pa sipika, mudzabwera ku Thyolo kudzazimitsa?"

Apo anasiya kuseka. Anakwera pa kabokosi, anafufuza kumwamba, fumbi lili tolotolo, n'kutsitsa yachitatu m'kapepala kapulasitiki kong'ambika. Ndinayerekeza bowo ndi bowo, mphako ndi mphako. Inali yomweyo. Ndinatulutsa pulagi ya wailesi yatsopano, imene ndinanyamula m'thumba lina, ndinalowetsa mbali inayo. Khethe. Abale, phokoso limenelo ndinalimva ngati belu londitulutsa mu tiyi. Ndinadziona ndili mu ovolosi ya buluu, atsikana a ku sikelo yoyezera tiyi akundipatsa moni wa manja awiri.

Mpamene ndinamva mawu kumbuyo kwanga.

"Ndakupeza! Ndazungulira makontena onse."

Anali achemwali anga aakulu, amene Lachisanu lililonse ankabwera ku Limbe kudzagulitsa mapeyala. Anali wefuwefu, koma akumwetulira ngati munthu amene wabweretsa nkhani yabwino.

"Amalume akuti waiwala sampulo. Akuti ndikupatse usanagule zolakwika."

Anamasula pangodya ya chitenje, anatulutsa kanthu kokulunga m'pepala la shuga, anakaika pa kauntala pafupi ndi sopo wanga. Ndinafunyulula.

Pulagi. Pulagi ya galimoto ya aforomani, yonse yathunthu, mawaya khumi ndi anayi akulendewera kumbuyo kwake ngati mizu ya mbande.

Sindikudziwa kuti ndinakuwa chiyani. Achemwali amati ndinatchula mawu amene mwana wa Sabata sayenera kuwadziwa n'komwe. Ine ndikukumbukira kuti Limbe yense anaima, maminibasi anazima, ndipo nkhunda zinagwa pa denga la msika. Wa chipewa uja anatenga pulagi ija, anailowetsa mu hanesi imene ndinasankha. Khethe.

"Yalowa, amwene," anatero. "Koma tsopano simukuifunanso. Tengani yoyamba ija."

"Kiyi anamupeza bwanji?" ndinafunsa achemwali.

"Anapempha kwa amayi, akupita ku munda."

"Ndinati asapatse munthu!"

"Iwenso iwe. Amalume ndi munthu? Amayi angawakanize achimwene awo?"

Hanesi yoyenerayo ndinaigulabe. Ulendo wobwerera sindinalankhule ndi aliyense, ine amene kondakitala amachita kundipempha kuti ndipume. Ndinkangokonza mawu. Pofika pa Bvumbwe ndinali ndi ulaliki wa maola awiri. Pofika pa Boma ndinali nditawachotsa amalume pa ukulu wa mpingo, pa umwini mbumba, ndi pa esiteti pomwe.

Ndinafika dzuwa litapendeka. Ndinathamangira ku galimoto, ndinasuzumira m'dzenje muja. Mayo ine. Akanadula pafupi ndi pulagi, bwenzi nkhani ili yaing'ono. Koma amalume sadula chibwana. Anakoka mtolo wonse, anafuna pamene pali polimba, n'kudula mkati mwenimweni, kamodzi kokha. Kumbali ya galimoto kunatsala timawaya tatifupi ngati ndevu za tsiku limodzi, toti chala sichifikako.

Ndinawapeza pakhonde, atasamba kale, avala shati yoyera, Baibulo lili pamwendo.

"Wabwera? Wagula yoyenera?"

"Eya, koma amalume..."

"Yalowa pa sampulo?"

"Yalowa, koma ndinali nditasankha kale ndi..."

"Waona," anatero, akuyang'ana amayi. "Sampulo."

Ulaliki wanga uja unakwera mpaka pakhosi. Ndinatsegula pakamwa, ndipo amayi ananditsina kumsana, kutsina kokhala ndi chiganizo chonse mkati mwake. Kwathu mwana wa mlongo sawakwezera mawu amalume. Bambo ako ungakangane nawo, iwo ndi obwera. Koma amalume ndi amene adzakukhalire pa ukwati, ndi amene adzakulozere pomanga nyumba, ndi amene adzanene kuti uikidwe pati. Ndinameza. Ndinangoti, "Aforomani anati ndisadule waya."

"Sunadule iwe. Ndadula ine. Ndiponso chodulidwa bwino chimagwira msanga."

"Si tiyi ameneyu, amalume, saphukira!"

"Chepetsa mawu. Dzuwa lalowa."

Ndinatembenuka, ndinatenga sikuludiraiva kuti ndiyambe kumasula dashibodi kukadali kowala pang'ono.

"Ika pansi," anatero amalume. "Sabata lalowa. Pakhomo pano sipagwiridwa ntchito."

Ndiye taganizani. Munthu wawononga ntchito yanga m'mawa, madzulo akundiletsa kuikonza, ndipo zonse ziwiri akuchita ndi mtima woyera. Ndi chimene chimandipsetsa mtima kwambiri. Akanakhala munthu woipa bwenzi ndikumuda bwinobwino, mwaufulu.

Loweruka ndinakhala m'tchalitchi ngati mphika wovundikira. Amalume ndi amene anatsogolera phunziro. Mutu wake sindikuukumbukira, ndinkangoona manja awo akutembenuza masamba, manja omwewo. Nyimbo zonse ndinaimba ndi mano. Pa pemphero ena atatsinzina, ine ndinkawerenga mawaya m'mutu: wofiira wa kiyi, wachikasu wa batire, wakuda wa pansi, asanu ndi atatu a masipika. Tikutuluka, mayi wina wa kwaya anandigwira dzanja. "Tamva kuti amalume ako akukuthandiza kupeza ntchito ku galaja. Uziwathokoza, ena alibe." Ndinati zikomo. Mano anga anatsala pang'ono kuthyoka.

Lamulungu kutangocha ndinayamba. Kuti ndifike pa timawaya tija ndinamasula dashibodi yonse. Zomangira zinatuluka zokwana kumangira fakitale ina. Ndinagona chagada pansi pa chiwongolero, miyendo ili kunja, mutu uli pa mabuleki. Ndinasenda mtolo uja mpaka ndinapeza pogwira. Magetsi kunyumba kunalibe, ndiye chitsulo chowotcherera ndinkachitenthetsa pa mbaula, kuthamanga nacho, kuwotcherera waya mmodzi, kubwereranso. Ajapani nawonso ali ndi nkhanza zawo: mawaya awiri obiriwira, wina wa mzere woyera, wina wa mzere wotuwa, ndipo galimoto yakalamba mitundu yafwifwa. Ndinkachita kuyesa ndi batire la tochi kuti ndimve sipika imene yathetheka. Tepi sindinafune. Ndinadula timachubu ta mphira ta mavalavu a njinga, n'kuveka pa mfundo iliyonse ngati sokosi.

Amalume anabwera masana, anasuzumira pa windo.

"Zikuyenda?"

"Zikuyenda."

"Ukafuna mpeni unene."

Ndinaluma waya.

Pofika madzulo pulagi inali yabwerera pamalo pake, hanesi yalowa, dashibodi yatsekedwa, zomangira zatsala ziwiri zokha zimene mpaka lero sindidziwa kwawo. Ndinabwezera batire, ndinatembenuza kiyi. Wailesi inalankhula Chichewa choyera, masipika onse anayi. Ana a pa kompaundi anavina. Ine ndinayamba kukonza bodza, poti aforomani ndinkawadziwa kuti sakhutira ndi khutu lokha.

Lolemba ndinaimika galimoto pa geti la galaja nthawi isanakwane. Aforomani anafika, analowa, anayatsa. Anazungulira masiteshoni onse, anazimitsa kiyi kuona ngati izima, anayatsanso kuona ngati ikumbukira. Anagwedeza mutu, kugwedeza kwenikweni. Kenako anatenga sikuludiraiva, anasolola wailesi, anapisa dzanja mpaka m'chigongono. Ndinaona nkhope yawo ikusintha zala zitafika pa timasokosi tija.

"Ichi n'chiyani?"

"Makoswe, bwana."

"Makoswe."

"Pa kompaundi pathu alipo oopsa, bwana. Aakulu ngati ana a mbuzi. Analowa Lachisanu ine ndili ku Limbe. Mmodzi ndinamupeza atagona pa mpando wa dalaivala, waya ali kukamwa. Ndiye ndinati m'malo mokudandaulitsani..."

Anakoka mtolo uja pang'ono, anawalitsa tochi. Chikopa chakuda chokutira mawaya chinali chidakali ndi bala lake, ndinali nditaiwala kulidula. Bala losalala, lopendekeka, la mpeni umodzi.

"Khoswe wa pa esiteti ino waphunzira kudulira?" anafunsa. "Mpaka kupendeketsa kuti madzi a mvula asakhalepo? Bambo anga anali odulira, mphwanga. Bala ili ndikulidziwa. Nena."

Ndinanena. Kwa nthawi yoyamba m'moyo wanga ndinafotokoza nkhani osawonjezera kanthu, poti inalibe powonjezera. Sopo, sampulo, pepala la shuga, zonse. Aforomani anaseka mpaka anatsamira chitseko. Anaitana amakaniko onse kuti ndibwerezenso. Wina anakhala pa tayala akupukuta misozi. Ine ndinayamba kulimba mtima. Ndinati anthu akaseka chonchi ndiye kuti ovolosi ndi yanga.

Atatha kuseka anabwezera wailesi, anamanga, anapukuta manja.

"Kuwotcherera kwako n'kwabwino. Hanesi wasankha yoyenera. Za timachubu ta njingazi ndikubera. Tsono ndiuze, kiyi ndinapatsa ndani?"

"Ine, bwana."

"Anapezeka bwanji ndi amalume ako?"

"Ndinasiyira amayi, bwana. Ndinawauza kuti asapatse munthu."

"Kuno kumabwera mathirakitala, malole a masamba, galimoto ya amanijala. Ndikakupatsa kiyi wa lole, nayenso akadutsa kwa amayi ako?"

Ulemu ndinauiwala pang'ono.

"Koma bwana, tinene zoona. Inuyo amalume anu atakupemphani kiyi, mungawakanize?"

"Ayi," anatero. "Sindingathe. N'chifukwa chake kiyi ndimayenda naye m'thumba, ndikafika kumudzi ndimati ndaiwala ku ntchito."

Amakaniko anasekanso. Ntchito anapatsa mnyamata wina wa ku Masambanjati amene mayeso ake anali kusintha mababu a thirakitala. Mababu! Ntchito yoti ngakhale agogo osaona angaigwire pofufuza ndi manja.

Ndinabwerera wapansi, kudutsa njira ya m'minda. Gulu lodulira linali kumtunda kwa damu, mipeni ikung'anima, tchire la tiyi likugwa mzere ndi mzere. Ndinayesa kudutsa mozemba, koma amalume ali ndi maso a kabawi.

"Iwe! Yaimba?"

"Yaimba."

"Ntchito?"

"Apatsa wina."

Anaimika mpeni, anapukuta thukuta, anandiyang'ana ndi chisoni chenicheni. Ndinadikira. Ndinati mwina lero, pamaso pa anzawo onsewa, atulutsa liwu limodzi lokha lija loti pepa. Ndikanalilandira ngakhale atalinena chotsokomola.

"Anthu a ku galaja ali ndi tsankho," anatero. "Usadandaule. Ndinaona kale kuti mwina zivuta, ndiye ndalankhula ndi akapitawo m'mawa. Pagulu lathu pakusowa munthu mmodzi. Dzina lako alemba. Mawa ubwere ndi nsapato zolimba, mpeni ndikubwereka wanga wakale."

Anzawo anayamba kuwayamikira. "Mwana uyu ali ndi mwayi, amalume otere saapezeka." Mmodzi anandiuza kuti ndigwade ndithokoze.

Sindinagwade. Ndinangowomba m'manja kawiri, mwaulemu wochepa umene ndinaupeza. Ndinatsika mpaka ku damu, ndinatola miyala, ndinagenda madzi mpaka phewa linachita dzanzi. Achule a mu damu limenelo anasamuka onse tsiku lomwelo, mukafunse. M'mawa mwake ndinali pa mzere, kumanzere kwa amalume, iwo akundiphunzitsa kagwiridwe ka mpeni, akundikalipira kuti ndikudula ngati munthu wokwiya.